Thukuta la M'magolovesi

Madzulo amenewo Marisela anadya pitsa wozizira ali chiimire, n'kutsikira kuchipinda chapansi kumene ankachitira kafukufuku wake. Kunja chipale chofewa chinali mbuu.

Nyengo yonse yozizira mtsikanayu anakhalira kusenda kamwala kakuda ka maginito ndi selotepi, kumata n'kumatula, mpaka anapeza kachibenthu kopyapyala koti maso paokha sangakaone. Kachibenthu kotere ukakaziziritsa n'kukaunika ndi kuwala kofiira, iko kamabweza kwa buluu. Digiri yake yonse inagona pa kameneka, ndipo kanali koti kayezedwe m'mawa mwake. Vuto lake, kakangomva chinyezi, ngakhale mpweya wa m'kamwa, kamasungunuka.

N'chifukwa chake kankasungidwa m'chibokosi chagalasi chotseka ndithu, chouma gwa. Ukafuna kugwira za mkati umapisa manja m'magolovesi aatali akuda omatirira pagalasipo, awiri mbali ya kumanzere, awiri mbali ya kumanja.

Anapisa manja. Aa! Munali monyowa, mofunda, moterera ngati mamina. Fungo la m'khwapa linamubaya m'mphuno.

Anasolola, n'kuimbira foni Tobias, mnzake wogwira naye ntchito.

"Iwe, nyansi zako! Suja timati ukamaliza uzipukuta? Ndine mayi ako ine?"

"Wapenga eti? Ine ndili kutali, mumzinda wa Calgary, chichokereni Lachisanu." Kenako Tobias anafunsa, "Ndi magolovesi akumanzerewo?"

"Ee."

"Asiye. Kagone."

Kugona, kachibenthu kali pamtunda? Anabwezamo manja kuti akatsekere m'kachitini kake.

Pagalasi, chakumkati, panaoneka nthunzi. Inakula. Inachepa. Inakulanso. Winawake ankapuma, m'bokosi lopanda ndi dontho lomwe la madzi! Nthunziyo inayamba kutsika pang'onopang'ono, kulunjika pa kachibenthu kaja.

Marisela anathamangira chivindikiro. Pomwepo zala zina, zonyowa, zinalowerera pakati pa zala zake m'golovesi momwemo. Sizinamufinye ayi. Zinangomugwira mwaulemu, ngati zikuti dikira kaye.

Anakuwa, anasolola manja, n'kukasanza pitsa yense musinki.

Kutacha, atayang'ana pamakina okuzira zinthu, anangopeza kadontho ka madzi akuda. Kachibenthu kanali katapita.

Anzake anamunong'oneza kuti kale kunali wophunzira wina amene anamerera imvi pabokosi limenelo osapeza kachibenthu kotere, mpaka tsiku lina anamupeza atafa, thupi litazizira, manja ali m'magolovesi akumanzere.

"Si wankhanza," anatero Tobias atabwerako. "Wina akapeza, amangofuna aone nawo. Kungoti amayandikira kwambiri."

"Akadzabweranso ayambe wasamba," anayankha Marisela. Chisoni analibe n'komwe, unali mseru wokhawokha.

Anatenga selotepi ina n'kuyambiranso kusenda, pa magolovesi akumanja. Koma sopo wamuthera pachabe, fungo lija pakati pa zala zake silichoka. Masiku ano ngakhale pitsa amadyera foloko.