Kumene Anadya a Kamtedza

Nkhani iyi ikukhudza Bambo Rabson Kamtedza, amene kale ankanyamula tepi yoyezera malo ndi zikhomo ku ofesi ina yogawa malo mumzinda wa Lilongwe. Akazi awo, malemu Mayi Pauline Kamtedza. Che Bwanali Swaleh, mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula ku Mchesi. Ndi Mayi Magret Zimba, mayi wamasiye wa ku Kawale.

A Kamtedza anafika mumzinda kuchokera ku Thyolo ali ndi kachikwama kamodzi ndi mkazi wodwala pakati. Anawalandira ndi Che Bwanali, munthu amene sanali mbale wawo, ngakhale wa chipembedzo chawo. Anawapatsa kachipinda kuseri kwa shedi yawo yogwiriramo ntchito, ndipo akazi a Che Bwanali ankapakulira mabanja awiri mumphika umodzi mpaka mlendoyo atapeza ntchito.

Ntchitoyo inali yokoka tepi padzuwa ndi kukhoma zikhomo pamene bwana waloza. Mzinda uno pamene unkamangidwa, dziko litangolandira ufulu, chikhomo chinali lamulo. Pamene panalembedwa msewu pankadutsa msewu, pamene panasiyidwira ngalande pankayenda madzi. Masiku ano chikhomo chinamera miyendo, chimapita kumene kwalowera chiphuphu. A Kamtedza ankaona zonsezi. Ankaona mabwana awo akumanga nyumba zosanja, iwo madzulo n'kubwerera ku Biwi, kunyumba ya lendi yodontha, kumene Mayi Pauline ankakazinga mandasi ogulitsa. Nsanje inawadya ngati chiswe. Ankadandaula kuti dziko lonse la Lilongwe aliyeza ndi manja awo, koma alibe ngakhale poimika khola la nkhuku.

Tsiku lina masana anapita ku Mgona, kuseri kwa njanji, kwa sing'anga wina amene anthu ankangomutchula kuti a Phulusa. Anapeza munthu wovala jekete ndi tayi, akusenda nzimbe ndi mpeni.

"Mukufuna malo, kapena mphamvu pa malo?" anafunsa a Phulusa.

"Kodi zimasiyana?"

"Wofuna malo amagula. Wamphamvu amagulitsa a eni ake, eni akewo ali pomwepo."

Anatulutsa nyundo ya mpini wokulungidwa ndi chikopa chakuda, nanena kuti chikhomo chokhomedwa ndi nyundoyo palibe khoti lingachizule, ndipo mabwana azidzasaina osawerenga. A Kamtedza anapisa dzanja m'thumba, koma sing'anga uja anapukusa mutu.

"Zimenezo sungani. Nyundo iyi imadya yokha. Chaka chilichonse, mvula isanagwe, muzikhoma chikhomo pakhomo pamene munadyapo. Sindikunena chakudya chogula ayi. Ndikunena chimene anakupakulirani ndi mtima umodzi, atakuuzani kuti sambani m'manja. Nyumba imeneyo izigwa."

"Nanga anthu ake?"

"Ine ndanena za nyumba. Za anthu mwafunsa ndinu."

"Ndikalephera chaka china?"

A Phulusa analavula zotsalira za nzimbe. "Nyundo imadziwa kumene mumadya masiku onse."

A Kamtedza anaganiza za makomo onse amene anadyapo chifikireni mumzinda, naona kuti ndi ambiri, sangathe msanga. Anatenga nyundo.

Zinthu zinayenda ngati moto wa m'chilimwe. Wokoka tepi anasanduka wokhala pampando, ndipo aliyense wofuna puloti ankayenera kudzera kwa iye. Anagulitsa mphepete mwa misewu, bwalo la mpira la ana, ngalande, madambo. Puloti imodzi ankaigulitsa kwa anthu atatu, onse ali ndi mapepala a chidindo. Tisanamizire mankhwala okha. Mabwana amene ankagawana nawo sanapite ku Mgona. Umbombo wawo unali wobadwa nawo. A Kamtedza anamanga nyumba yosanja ku Area 25, pamalo amene anasiyidwira sukulu, naizinga ndi mpanda wautali.

Chikhomo choyamba cha malipiro chinakhomedwa pakhomo pa Che Bwanali. Malowo anali m'mbali mwa msewu, ndipo wamalonda wina ankawafuna kuti amangepo mashopu, choncho a Kamtedza anaona kuti alipira nyundo n'kudyanso phindu. Che Bwanali anapita ku ofesi atavala mkanjo wawo wa Lachisanu, poganiza kuti pachitika cholakwika chimene mnzawo wakale angakonze. Anakhala pabenchi tsiku lonse. A Kamtedza anatuma mlonda kukawauza kuti bwana ali pamsonkhano. Katapila, chigalimoto chogwetsera nyumba, anabwera, shedi ndi nyumba zinagwa, ndipo banjalo linasamukira ku Chinsapo m'kachisakasa ka mapepala apulasitiki. Dzinja lomwelo akazi a Che Bwanali anamwalira ndi chifuwa, mayi amene ankapakulira mabanja awiri uja.

Chaka chotsatira inagwa nyumba ya mkulu wa mpingo amene anawaitanapo pa Khirisimasi. Kenaka ya mnzawo amene ankakoka naye tepi. Anthu a m'makomboni si opusa. Amayi a ku Biwi ndi Kawale anayamba kunena pamjigo kuti kumene adya a Kamtedza, katapila amabwera kudzatsuka mbale. Galimoto yawo ikamveka, anthu ankavundikira chakudya n'kukankhira pansi pa bedi, ana akupukutidwa pakamwa. Ichi ndicho choipa chimene sichiiwalika. Ife tinaleredwa kuti mlendo akakupeza ukudya umamupatsa madzi osamba m'manja usanamufunse dzina. Munthu mmodzi anaphunzitsa makomboni onse kubisa chakudya ngati agalu.

Makomo akale atatha ndipo ena onse atatsekeka, a Kamtedza anakumbukira kuti pamaliro sathamangitsa munthu. Amuna a Mayi Magret Zimba atamwalira ku Kawale, iwo anafika ndi matumba a ufa ndi nkhuni zodzaza galimoto, nakhala pakati pa abambo nkhope ili pansi. Mayi wamasiyeyo, pothokoza, anatuma mbale yapadera kuti ikaperekedwe kwa bwana wachifundoyo. A Kamtedza anasamba m'manja, nadya zonse. Ofedwa asanamete n'komwe, pakhomopo panapezeka chikhomo. Tsiku logwetsa, Mayi Magret anadzitsekera m'nyumba, ndipo kapitawo wa ntchitoyo anaimba foni kufunsa chochita.

"Gundani khoma lakumbuyo pang'ono," anatero a Kamtedza. "Atuluka yekha."

Mayiyo anatulukadi akuthamanga, mwana ali kumsana, ndipo a Kamtedza atamva anaseka kuti nzeru yawo yagwira.

Kuyambira pamenepo akuluakulu oyendetsa maliro anapangana kuti a Kamtedza akabwera azipatsidwa mpando, koma mbale ayi. Chaka chinazungulira, dzuwa la Okutobala linatentha, mitambo inayamba kusonkhana, ndipo panalibe khomo latsopano limene anadyapo. Anayesa kulipira munthu wina wa ku Kaliyeka kuti awaitane, nakhoma chikhomo pakhomo pake, koma m'mawa mwake anachipeza chitagona pakhonde la nyumba yawo yosanja. Anabwerera ku Mgona kukapempha kuti lamulo lifewe. A Phulusa sanawapatse ngakhale mpando.

"Munagula mbale, simunapatsidwe. Mvula ili pafupi, bwana."

Kunyumba, nyundo inayamba kugogoda yokha m'kabati, dzuwa likuswa mtengo. Mng'alu unatuluka pakhoma la chipinda chodyera, tsiku lililonse n'kumatalika kulowera kudenga. A Kamtedza ankauyang'ana akudya.

Mwana wawo yekhayo, Atupele, anali atakwatiwa ndi mphunzitsi, ndipo awiriwo anali atamanga kanyumba ku Area 23 ndi thukuta lawo, pamalo ogula mwachilungamo. Atupele ankamva zonse zimene anthu ankanena, ndipo zinkamupweteka. Anabwera kudzagwada pamaso pa bambo ake, nanena kuti iye sakhulupirira miseche, bambowo abwere Lamulungu adzadye kwawo kuti anthu achite manyazi.

A Kamtedza anayang'ana mwana wawo, kenaka anayang'ana mng'alu. Anavomera.

Lamulungu Atupele anapha nkhuku, naphika mpunga, nagwada ndi beseni. Mayi Pauline anayang'anitsitsa amuna awo akusamba m'manja, ndipo mayiwo sanadye kanthu. Pobwerera, m'galimoto, anafunsa motsitsa mawu.

"Bambo a Atupele, mwadya chifukwa cha njala kapena chifukwa cha nyundo ija?"

A Kamtedza anayankha kuti kanyumbako n'kachabechabe, mwanayo adzamumangira ina yabwino ya matailosi.

"Che Bwanali munawamangira? Nanga Mayi Zimba?"

A Kamtedza anawauza kuti atseke pakamwa, popeza mpunga umene amadya ndi zitenje zimene amavala zinachokera komweko.

Chikhomo chinakhomedwa, ndipo mapepala anatuluka onena kuti kanyumbako kali pamsewu. Tsiku logwetsa a Kamtedza sanapiteko. Anadzitsekera mu ofesi, pamene Atupele ndi mwamuna wake anali pabenchi panja, benchi yomwe ija anakhalapo Che Bwanali, ndipo mlonda anawauza kuti bwana ali pamsonkhano. Foni inalira. Kapitawo anati m'nyumbamo muli mayi wina wachikulire, wakhala pamphasa, akukana kutuluka ndipo sakutchula dzina. A Kamtedza anaganiza kuti ndi mmodzi wa amayi a kumpingo okonda kulowerera za eni.

"Gundani khoma lakumbuyo pang'ono. Atuluka yekha."

Khomalo linali la njerwa zomangira dothi. Linagwa lonse, denga n'kutsatira. Mayiyo sanathawe ngati Mayi Magret, pakuti sanalowemo kuti adzathawe. Ankakhulupirira kuti amuna awo abwera okha pamalopo, ndipo akawaona sangalole. Foni inaliranso, anali kapitawo uja. Anangoti chitenje chimene chikuoneka pansi pa njerwa akuchidziwa, anachionapo kunyumba kwa bwana. Madzulo ake mvula yoyamba inagwa.

Kumanda, anthu akuimba, a Kamtedza anatulutsa tepi m'thumba nayamba kuyeza dzenje la akazi awo, akufunsa adzukulu ngati ali ndi mapepala a malowo. Mutu unali utapita. Mabwana anzawo anawakana onse, nati katangale yense anali wa munthu mmodzi. Nyumba yosanja anailanda ponena kuti ili pamalo a sukulu, koma sukulu sinamangidwe. Lero mukukhala mlamu wa mmodzi wa iwo. Achibale atapita ku Mgona kukafuna a Phulusa, anapeza pamalopo payima nyumba yosungiramo katundu, pa puloti imene anagulitsa a Kamtedza omwewo.

A Kamtedza anatsala akuyendayenda ku Mchesi, tepi kudzanja lina, nyundo kudzanja lina, akuyeza makonde a anthu ndi mabenchi a mumsika. Akamva fungo la ndiwo ankaima pakhomo n'kutambasula manja ngati wodikira madzi. Zitseko zinkatsekedwa. Anawonda mpaka jekete linkawalendewera ngati lili pamsomali.

Umu ndi mmene umathera umbombo. Munthu wofuna chuma chachidule amayamba ndi kugulitsa mlendo, kenaka mnansi, ndipo akamadzazindikira amakhala atafika pa mphasa yake yomwe. Chuma chobwera ndi nyundo chimapitanso ndi nyundo. Amene amasandutsa mbale ya chifundo kukhala msampha saba nyumba yokha, amaba ulemu wa mudzi wonse.

Poona kuti a Kamtedza afera pamsewu, akuluakulu a mipingo ndi a mzikiti anaitanitsa msonkhano ku Mchesi, wotsogozedwa ndi Bambo Harry Mponela, mkulu wa mpingo wopuma pantchito ya uphunzitsi. Funso linali limodzi: kodi a Kamtedza apatsidwe chakudya? Ena anati afe momwemo. Ena anati mudzi wolekerera wamisala kufa ndi njala wadzitemberera wokha. Atamva mbali zonse, Bambo Mponela anapereka chigamulo. A Kamtedza azidyetsedwa, pakuti ndi munthu. Koma azidyera pakati pa msewu, pamene si pakhomo pa wina aliyense. Chakudya chiziikidwa papepala, osati m'mbale. Ndipo pasapezeke wowauza kuti sambani m'manja, kufikira tsiku la imfa yawo.

Che Bwanali Swaleh anavomera chigamulocho, nati tsiku loyamba adzanyamula chakudyacho ndi iwo, ngakhale achokere ku Chinsapo wapansi. Atupele anavomera ndi mutu, koma anapempha kuti dzina lake lisaikidwe pa ophika. Mayi Magret Zimba anakana. Anaimirira nanena kuti iwo anamupakulirapo kale munthuyo kamodzi, ndipo kamodziko kanakwana. Mabwana a ku ofesi yogawa malo anaitanidwa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera.