Jombo Zosalowa Madzi

Mvula ya Fevereiro inali itasandutsa misewu ya ku Macanga phala lenileni. Cláudia, namwino wa kachipatala kena kufupi ndi Furancungo, ankayenda pa mota, njinga yamoto ija, kukapereka katemera m'midzi. Tsiku lililonse ankabwerera nsapato zitakhuta madzi, zala zakuphazi zitachita makwinya.

Madzulo ena mwamuna wake, Felisberto, anabwera kuchokera ku Tsangano komwe ankapikula mbatatesi. Anabwera pa chapa, kaminibasi konyamula anthu. Mota yake anati yatsala kwa makaniko. M'manja anali ndi kathumba kapulasitiki.

"Ndakugulirani izi, mayi a Tiwonge. N'zotchipa, koma madzi salowa."

Zinali jombo zoyendera pa mota, zakuda, zofika m'katumba, zipi m'mbali, pa chala chosinthira giya pali kachikopa kokhuthala. Cláudia anaziyesa pomwepo. Zinamukwana, kungoti yamanzere inkathina pachidendene. Anazithira madzi a m'ndowa, masokosi n'kutuluka ouma. Anaseka mpaka misozi. Chinamudabwitsa n'chimodzi: m'kati zinali zofewa kale, ngati zinazolowera phazi la wina.

"N'zapakaunjika?"

"Zatsopano," anatero Felisberto, maso ali pafoni.

Mawa lake Cláudia anachedwa kumudzi wina chifukwa cha mayi amene matenda a uchembere anamuyamba mwadzidzidzi. Ananyamuka dzuwa litalowa. Mvula inkawaza. Pa kamtsinje kopanda mlatho anatsika n'kuyamba kukankha mota. Madzi anafika m'miyendo, koma mapazi anali gwa, ofunda. Mumtima anamuyamika mwamuna wake.

Atangofika tsidya, injini inazima. Nyali yokha inatsala ikuwala.

M'kuwalako munaima mayi. Anavala jinzi ndi jekete, chipewa cha pa mota atachigwira kumanja. Zovala zonse zinkadontha. M'tsitsi munali mchenga. Kumapazi kunalibe kanthu.

"Boa noite, mana," anatero mayiyo, kumulonjera m'Chipwitikizi ngati mchemwali wake.

"Boa noite. Mwachita ngozi? Ndine namwino."

Mayiyo sanamuyang'ane kumaso. Ankayang'ana pansi, pamapazi a Cláudia.

"Zakukwanani bwino," anatero. "Kodi inunso yamanzere ikukuthinani pachidendene?"

Achule onse anali atangoti zii. Cláudia anaponda sitata. Injini inakhosomola n'kukana.

"Ndinu ndani?"

"Marlene. Ndinkaphunzitsa ku Ntengo-Wambalame. A Felisberto anandigulira zimenezo Khirisimasi yapitayi. Ankati akazi awo anamwalira kalekale."

Cláudia anamva ngati wina wamuponda pachifuwa. Kenako anamva kuzizira kuzala zakuphazi. Madzi. Ankakwera m'kati mwa jombo, pang'onopang'ono, iye ataima pamtunda.

"Tinagwera mumtsinje Lolemba," anapitiriza mayiyo, mawu ake ofatsa ngati akuwerenga mayina m'kalasi. "Iwo anatuluka. Anandikokera pamchenga. Ndinaganiza kuti akathamangira anthu. Koma anagwada n'kutsegula zipi, n'kundivula jombozi. Ankaopa kuti wogulitsa jombo akaziona adzakumbukira amene anagula."

Anadzutsa nkhope. Maso ake anali otuwa ngati a nsomba yogona.

"Ndinali ndikupumabe, mana."

Cláudia sakumbukira kuti injini inalira liti. Amangokumbukira matope akuuluka, ndi kulemera kumene kunakhala pampando wakumbuyo njira yonse. Sanacheuke. Kulemerako kunachoka atafika pachipata cha nyumba yake.

Felisberto anali pampando akumvera mpira pawailesi. Cláudia analowa osaodira. Anakhala pansi, anatsegula zipi, anapendeketsa jombo yamanzere pasimenti. Munatuluka madzi ofiira, mchenga, ndi kankhanu kakang'ono kamene kanathawira kunsi kwa tebulo.

"Mwati madzi salowa," anatero.

"Mwina mwaponda pakuya."

"Zaka zonsezi ndikuchapirani, ndikudikirani, inu mukuuza anthu kuti ndinafa?" anatero Cláudia. "Mpaka kundiveka za munthu amene munamusiya akupuma? Marlene akuti moni."

Wailesi inagwa m'manja mwa Felisberto. Milomo inayenda, koma sipanatuluke ngakhale bodza. Chimenecho ndicho chinamupweteka kwambiri Cláudia. Njira yonse ankapemphera kuti bamboyu akamuseke, akamuuze kuti watopa chabe.

Anadzutsa mwana wawo Tiwonge, anamubereka, natulukira khomo lakuseri wopanda nsapato. Anakagona kwa Clementina, mzamba wa pachipatalapo. Sanabwererenso kunyumba ija, ngakhale kukatenga mapoto.

Kumapeto kwa sabata woyendetsa chapa wina anabwera ndi nkhani. Ku Tsangano aika maliro a mphunzitsi amene anapezeka pamchenga m'mbali mwa mtsinje. Chakumunsi asodzi avuula mota yopanda nambala. Mwini wake sakudziwika. Cláudia anamva ali pamzere wogula tomato. Anasiya tomatoyo, napita kupolisi. Atafika pakhomo anaima nthawi yaitali, poganiza kuti akafunsidwa mboni atchula ndani. Analowabe.

Apolisi anamutenga Felisberto, patapita masiku anamubweza. Umboni panalibe. Jombo zija sanazipeze. Felisberto ankalumbira kuti anazisiya pasimenti pomwepo.

Masiku ano sapitanso kukapikula mbatatesi. Waonda, ndipo kukangochita mitambo amakhoma mawindo ndi misomali. Oyandikana naye amati mvula ikagwa usiku, pakhomo pake pamamveka kugogoda. Mayi wina analimba mtima n'kusuzumira pampanda. Sanaone munthu. Koma akuti kugogodako sikumveka pamene anthu amagogoda. Kumamveka m'munsi mwenimweni mwa chitseko, kofewa, ngati chidendene chonyowa chikumenya thabwa.