Paipi ya Pansi pa Bedi

Chimene chinayamba kumudabwitsa Nasingano ndi hamala. Kahamala kakang'ono ka chigwiriro chong'aluka, kamene kanakhala kukhonde m'bokosi la zipangizo chitsekereni mgodi, anakapeza m'mawa wina pansi pa pilo wa amuna ake. Anakabweza m'bokosi. Kutacha, kanali pansi pa pilo pomwe paja, chikhalirecho mwini pilo anali munthu woti kuchoka pabedi kukafika pakhomo ankachita kugwiriridwa.

"Abambo, hamala ikufuna chiyani pogona?"

A Mzati anangomuyang'ana, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale, kenaka anatembenukira kukhoma.

Mudzi umenewo unabadwa ndi mgodi wa malasha. Agogo ake a Nasingano anafika pamalopo pakadali tchire, ndipo ankakumba chokwawa, nyale ili pachipumi, ngolo akukoka ndi chingwe cha m'chiuno. Bambo ake analowamo nthawi ya njanji ndi mapampu, koma sanatulukemo. Denga linawagwera iye akadali mtsikana, kampani n'kubweretsa kunyumba chisoti ndi nsapato basi. Amuna ake anakalambira pa ntchito yochirikiza denga la mgodi ndi mitengo, n'chifukwa chake anzawo anawapatsa dzina loti Mzati mpaka lenileni linaiwalika. Iwo anatulukamo amoyo, koma fumbi linatuluka nawo m'mapapo. Kampani itakhuta inazula njanji, inamasula mawaya a magetsi, inamata pakamwa pa mgodi ndi simenti, n'kupita. Inasiya mizere ya nyumba zofanana, chiphiri cha zinyalala zakuda chimene chinkafuka utsi mvula ikagwa, ndi amuna otsokomola khomo lililonse.

Nasingano ankadyetsa banja ndi makina osokera, kuika zigamba pa zigamba zinzake. Ana ake onse anabalalika, kupatula womaliza, bambo wandevu zake amene mudzi wonse unkangomuitana kuti Mzime. Ameneyu anamulumbiritsa akadali wamng'ono: "Ngakhale njala itimalize, iwe pansi usadzapondeko. Dzenje limenelo ladya kokwana." Mzime sanatsutsepo. Miyezi imeneyo ankati wapeza ganyu yausiku yokweza katundu m'malole kumsewu waukulu, ndipo ankabwera m'bandakucha atasamba kale, akununkhira sopo.

Usiku wotsatira Nasingano anaganiza zosagona. Anazimitsa nyale, anafunda, n'kumapuma ngati wagona. Mdima wa m'mudzimo chichokereni magetsi unali wokhuthala, woti ukatambasula dzanja umakayika ngati ukadali nalo. Agalu anauwa, anatopa. Malata anasiya kuthetheka. Kunangotsala mpweya wa a Mzati, wokoka movutikira ngati munthu akutunga m'chitsime chakuya.

Kenaka anamva. Go. Patapita kanthawi, go. Silinali phokoso la pakhomo kapena la padenga. Linkachokera pansi, ndipo ankalimva ndi msana kudzera m'miyendo ya bedi asanalimve ndi makutu.

Pakona ya chipindacho, kunsi kwa bedi, panali chitsa cha paipi yachitsulo chongotulukira pang'ono pasimenti. Inali ya mapampu akale, nyumbazo zisanamangidwe, ndipo Nasingano anakhala akuisesa mozungulira zaka zonse osaiganizira. Tsopano anamva bedi likugwedezeka, amuna ake akudzikhwekhwereza kufika m'mphepete, dzanja likutsika mumdima. Hamala inalira pa paipi mofulumira, gogogogogo, ngati munthu wothamangitsidwa akupempha kuti amutsegulire. Pansi paja panati zii.

Nasingano sanaphethire mpaka tambala analira.

M'mawa anakauza mnzake wa nyumba yoyandikana, mayi wamasiye wogulitsa palafini m'timabotolo. Mai a Palafini anayang'ana uku ndi uku, n'kumukokera kuseri kwa chitseko.

"Akuitanidwa amenewo," ananong'ona. "Anzawo amene anatsala pansi sanaikidwe m'manda, mukuganiza kuti amagona? Malemu amuna anga, atatsala pang'ono, ankacheza ndi khoma, kutchula mayina a anthu oti tinawalira kalekale. Woitanidwa akangoyankha, achemwali, ndiye kuti wavomera ulendo."

Si iye yekha anali ndi nkhani. Kuchitsime amayi ankati madzi ayamba kutuluka akuda. Wometa tsitsi ankati galu wake akukana kudutsa mumzere wa nyumba za a Mzati, amachita kuzungulira. Wina anaona timoto tikuyenda m'khwawa la kuseri kwa chiphiri chija. Panalinso amayi ena achitsikana amene nkhani zimenezi zikayamba ankangosenza ndowa zawo n'kuchoka osaponyapo mawu, koma Nasingano sanaziike kumtima.

Anafunsa Mzime akumwa tiyi. Iye anaseka, maso ali m'kapu.

"Chitsulo chimalira chikazizira, amayi. Inunso mwayamba kuopa paipi?"

"Nanga bambo ako akuyankha chitsulo?"

"Asiyeni. Munthu wogona tsiku lonse amafuna chochita."

Masiku otsatira kugogodako kunasendera pafupi. Kunayamba kubwera ndi phokoso lina, lokhwekhwereza, ngati chinthu cholemera chikukokedwa pamiyala. Masingano ankanjenjemera okha m'kachitini. Chitseko cha kuchipinda, chimene chinkatsekeka bwino chimangireni nyumba, chinayamba kukana, ndipo pakhoma panatuluka mng'alu woonda ngati ulusi, wochoka pansi kukwera kuwindo. A Mzati ankayankha usiku uliwonse, ndipo kuyankhako kunkatalika. Ankamenya paipi mpaka hamala kuwapulumuka, n'kugona chagada kukamwa kuli yasa, mpweya ukuwakana.

"Mukuyankha ndani?" Nasingano anawafunsa mumdima usiku wina, atalephera kupirira. "Ndi bambo anga?"

"Gona, mayi."

"Mukufuna kundisiya?"

"Ndati gona."

M'mawa mwake anapeza magazi papilo. Anaima nayo piloyo m'manja nthawi yaitali, ndipo poiika pansi anali atatsimikiza mtima. Madzulo, Mzime atanyamuka, anawapatsa amuna ake mankhwala a kuchipatala, aja ogonetsa chifuwa chikavuta, n'kuwonjezako pang'ono. Atagona, iye ndi Mai a Palafini anawakoka ndi matiresi omwe kupita nawo pabalaza. Anatenga tizidutswa ta nsalu totsala posoka n'kutikanikizira m'paipi ndi ndodo mpaka inadzaza. Hamala anakaiponya m'chimbudzi. Chitseko cha kuchipinda anachikankha ndi phewa mpaka chinatsekeka.

"Aitane mpaka atope," anatero Mai a Palafini. "Kuno kulibe wawo."

Usiku umenewo m'nyumba munali bata limene Nasingano anali ataliiwala. Anakhala pampando pafupi ndi amuna ake, akumvera mpweya wawo ukuyenda mofatsa, ndipo mtima wake unakhala pansi koyamba. Kuseri kwa chitseko kunkamveka kugunda kofooka, kwakutali, ngati mtima wa munthu wina. Kunagunda, kunadikira. Kunagundanso, kunadikira. Kenaka kunasintha, kunayamba kugunda mosalekeza, mwakhama, ngati anthu amene apatsidwa chilolezo.

A Mzati anadzidzimuka usiku utapita. Dzanja lawo linafufuza pansi pa pilo, linafufuza m'mphepete mwa matiresi, linakhudza simenti yopanda kanthu.

"Ndili kuti? Hamala ili kuti?"

"Ndataya. Simuyankhanso akufa, abambo. Ine ndikadakufunani."

Anamugwira mkono ndi mphamvu imene iye sankadziwa kuti akadali nayo. Mawu ankatuluka oduka, chifuwa chikuwalanda pakati.

"Si akufa. Ndi mwana. Mzime ali pansi."

"Mzime ali kumalole."

"Kulibe malole. Anaboola m'khwawa, iye ndi anzake. Akukumba malasha otsala, akugulitsa kwa owotcha njerwa." Anatsokomola mpaka misozi. "Pansi pa nyumba ino tinasiya chipilala cha malasha. Ndicho chanyamula mzere wonse uno. Mumdima sangachizindikire. Tinapangana, akagogoda ine n'kumva, ndimenye msangamsanga, abwerere. Ndikakhala chete, ndiye kuti ali kutali nacho."

"Mukakhala chete..."

"Akumbe."

Nasingano sanadziwe kuti chitseko chija anachitsegula bwanji. Anagwada pakona mumdima, zala zikukokera nsalu m'paipi, zikhadabo zikuthyoka, akukuwa dzina la mwana wake m'kabowo kodzaza nsanza. Ali chigwadire, simenti inamuchoka m'mawondo. Sikunali kuphulika. Kunali kubuula kwakukulu, kotalika, kochokera m'mimba mwa nthaka, kenaka mbale zonse zinagwa, khoma linang'ambika mpaka nyenyezi zinaoneka, ndipo m'paipi munatuluka mpweya wotentha umene unamulavulira nsanza ndi fumbi kumaso.

Kunja mudzi wonse unali kukuwa. Msewu wa pakati pa nyumba unali utatitimira ngati mbale. Amayi achitsikana aja, osaponya mawu kuchitsime, ndiwo anayamba kuthamangira kukhwawa, aliyense akuitana mwamuna wake. Anansi anawapeza a Mzati atakomoka pakhomo la chipinda, atakwawa kuchoka pabalaza, ndipo anawanyamulira kuchipatala usiku womwewo.

Kampani inalibenso adiresi. Amene anagwira mafosholo ndi nkhalamba zomwe zija zotsokomola, pamodzi ndi akazi ndi adzukulu awo, kulowera pa dzenje la m'khwawa, kuchotsa miyala ndi manja, kuchirikiza denga ndi zitseko zozula m'nyumba. Nasingano sanapite nawo. Anabwerera m'chipinda chong'ambikacho, anatenga simbi yake yositira, n'kumenya paipi. Simbiyo inali yolemera, moti ankainyamula ndi manja awiri, kumenya kamodzi, kupuma, kumenyanso.

Kutatsala pang'ono kucha, pansi panayankha. Go.

Anathamangira kukhwawa wopanda mpango kumutu. "Ali moyo! Akugogoda! Musaleke!"

Mawu amenewo ndiwo anagwira anthu mikono masiku onse otsatira. Okumba akafooka, wina ankathamanga kukaika khutu pa paipi n'kubwerera akuti zoona, akuyankha. Nasingano sanadye, sanasambe. Usana ndi usiku ankamenya, kudikira, kumva yankho, kumenyanso, mpaka zikhato zinatuluka matuza n'kuphulika. Ndipo ankaona ngati yankholo likumveka bwino tsiku ndi tsiku, ngati woyankhayo akupeza mphamvu.

Okumba atafika pamene panali okwiririkawo, anapeza kuti wamoyo ndi Mzime yekha. Anzake onse anali pansi pa mwala umodzi, ndipo nkhalamba zodziwa zinati amenewo anapita nthawi yomwe denga linagwa. Mzime anali chigonere chafufumimba, mikono yonse iwiri itapanikizidwa ndi mtengo, akunyambita madzi odontha pamwala. Mkono wamanja madokotala anaudula.

Anamugoneka m'chipinda chimodzi ndi bambo ake, mabedi oyandikana. Tsiku limene Mzime anayamba kulankhula, Nasingano anakhala pakati pawo, manja ake omangidwa mabandeji ali pamiyendo. Analira, anapepesa, Mzime nayenso anapepesa, ndipo zolumbira zakale palibe anazitchula.

"Chinandilimbitsa ndi kugogoda kwako, mwanawe," anatero pomaliza. "Ukanangoleka kuyankha, anthu akanataya mafosholo."

Mzime anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Ine sindinagogode, amayi. Ndi manja ati?"

"Ndiye anali mnzako wina, asanatsirizike."

"Panalibe wopuma, ndinawaitana onse. Paipiyo inali pafupi ndi nkhope yanga. Kumenya kwanu ndinkakumva kukutsika kuchokera kumwamba. Koyankhako kunkachokera pansi panga. Ndinkayesa ndi okumba, kuti mwina alowera njira yakunsi. Tsiku lomaliza kunali pafupi kwambiri. Ndinkakumva pachifuwa."

A Mzati anali atachotsa kachipangizo kopumira kukamwa. Anadzutsa mutu papilo.

"Kunsi kulibe njira," anatero. "Pomwe munali ndiye pothera mgodi. Kampani inaboola kufuna malasha ena, inapeza mwala wokhawokha. Palibe munthu anakumbako, chiyambire." Anapuma, maso ali pa mkazi wawo. "Mayi, unkamenya bwanji?"

Nasingano anaonetsa ndi dzanja lake lomangidwa pachitsulo cha bedi. Kamodzi. Anadikira. Kamodzinso.

Nkhope ya nkhalambayo inachita ngati phulusa.

"Simbi inali yolemera," anatero Nasingano. "Sindikanatha kufulumira. Bwanji, abambo? Kumatanthauza chiyani?"

A Mzati anabweza mutu papilo n'kuyang'ana kudenga. Kenaka analankhula motsitsa, ngati akuopa kuti simenti ya chipatala ingamve.

"Kumgodi, kumenya kotero n'kouza amene ali pansi kuti njira yatseguka. Akwere."