Chiwongolero Chopendekera Kumanzere

Lachinayi, pa 14 Malichi, dzuwa litangolowa, makaniko wina anali kusamba m'manja kuti atseke galaja pamene mlamu wake analowetsa galimoto yoyera. Mlamuyo anati chiwongolero chinapendekera kumanzere dzulo lake, atagwera m'dzenje, ndipo anaumirira kuti chiwongoledwe madzulo omwewo.

Makanikoyo analowa kunsi ndi tochi. Chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi gudumu lakumanzere chinali chopindika. Pachitsulopo panakodwa kansalu ka malaya, pamodzi ndi tsitsi lomatana ndi magazi ouma.

"Alamu, dzenje lanuli limavala malaya?"

Mlamuyo sanaseke. Anangomukumbutsa kuti mkazi wake, mlongo wa makanikoyo, ndi woyembekezera, ndi kuti mwamuna wake akamangidwa, adzalera ana ndani.

Makanikoyo anaponya kansaluko m'ngalande. Chitsulo chatsopano analibe. Choncho anachita zimene iye mwini ankadzudzula amisiri anzake: anazula chiwongolero, nachibwezera chitayang'ana kutsogolo, kupindikako n'kukusiya kunsi. Koma lamulo lake la zaka khumi ndi ziwiri sanaliswe. Galimoto sinkatuluka m'galajamo iye asanaiyese. Nthawi ya 7:20 analowa mumsewu yekha.

Inayenda bwino makilomita atatu. Atayandikira kamlatho, chiwongolero chinayamba kulemera. Anamva kuzizira pazala. Pamwamba pa manja ake panali manja ena. Pampando wapambali panakhala munthu, mutu wophwanyika mbali imodzi, malaya ong'ambika paphewa.

"Kumanzere, bambo," anatero munthuyo mwaulemu. "Munandisiya kumanzere."

Makanikoyo anayesa kunena kuti si iye. Anakanikiza buleki, phazi linangofika pansi. Chiwongolero chinazungulira mwaukali. Dzanja lake lamanja linathyokera pamfundo, fupa n'kuboola khungu. Nkhope inamenya galasi, mano anayi n'kugululuka. Galimotoyo inatsetsereka m'chigwembe mpaka kuima.

Lachisanu m'mawa, amayi opita kumsika anamupeza akubuula, magazi ali chuchuchu. Pafupi penipeni ndi gudumu lakumanzere, m'udzu, munagona mtembo wa mlonda wa pasukulu amene abale ake ankamufuna chiyambire Lachitatu.

Apolisi anamangirira makanikoyo unyolo pabedi la kuchipatala. Mlamu uja anawauza kuti galimotoyo inali kugalaja sabata yonse, ndipo mlongo wa makanikoyo, atafunsidwa, anaweramitsa mutu navomereza.

Oyandikana nawo amanong'onezana kuti malemuwo sanalakwitse mwadala. Tsiku limene anagundidwa anaona galimoto yokha. Nkhope ya woyendetsa sanaione.