Mlangizi Amene Anasocheretsa Abale Ake

Atasiya ntchito kukampani, komwe anatha zaka khumi ndi zinayi akulembera mabwana malipoti, bambo wina anachita lendi kachipinda pamwamba pa sitolo ya matayala. Pachitseko anakhoma chikwangwani: Mlangizi wa Zamalonda. Miyezi isanu ndi itatu wogogoda anali mmodzi, nayenso wofunsa njira ya kuchimbudzi. Mlamu wake ankamuseka: "Akatswiri, lero mwalangiza ntchentche zingati?" Apo n'kuti mnzake amene anasiyira limodzi ntchito akudutsa pagalimoto yatsopano, osatsitsa n'galasi lomwe.

Mtima utamuwawa, anapita kwa sing'anga.

"Lilime ndikonza," anatero sing'angayo akumupaka mafuta akuda pamilomo. "Chomwe uuze alendo chizichitika. Koma kontrakiti iliyonse ikabwera, m'bale wako akakufunsa nzeru, um'patse yolakwika, uku ukudziwa."

"Ndikapanda kutero?"

"Lilimelo libwera kwa ine. Ndili nawo ambiri m'botolomu."

Makampani anayamba kumulimbirana. Mlamu uja atafunsa za lole yakutha imene ankafuna kugula, Akatswiri anati, "Gulani, alamu, injini ndi yabwinobwino." Pamenepo mtima sunagunde n'komwe. Wachiwiri anali mlongo wake, anamuuza asiye uphunzitsi. Abale ataona mmene zinkathera, anasiya kumufunsa. Anatsala mkazi wake yekha, womukhulupirira monga kale.

Tsiku losaina kontrakiti yaikulu, mayiyo akusita malaya anati, "Bambo a kunyumba, kachotupa kam'bere kaja sikakutha. Ndipite kuchipatala?"

Lilime linalemera ngati mwala.

"N'kutopa chabe, mayi. Tadikirani kaye."

"Mukatero inu, basi," anatero, n'kutembenuza malayawo.

Mumtima Akatswiri ankati sabata yamawa apita naye yekha kuchipatala. Sabata yamawayo kunabwera kontrakiti ina, mayiyo n'kufunsanso. Inatha miyezi isanu ndi iwiri. Pomwe ankafika kuchipatala, adokotala anangopukusa mutu.

Ali gone pabedi, mayiyo sanadandaule. Anagwira dzanja la mwamuna wake nati, "Nanga pano nditani? Tandiuzani."

Akatswiri anaopa pakamwa pake pomwe. Anangogwira dzanja la mkazi wake mpaka linazizira.

Masiku ano amayenda opanda nsapato pasiteji ya basi, kuimitsa mayi aliyense: "Pitani lero lomwe, musadikire!" Amayi amangofumbatira zikwama n'kumulambalala.

Abale anga, chuma chothamangira chimadya amene amakukhulupirira kwambiri. Bola umphawi uli ndi anthu ako amoyo.