Mapiritsi a m'Chitini cha Mabatani

Benchi ya panja pa chipinda cha odwala mwakayakaya inali yaitali, koma Mafunso sanaikhalire ngakhale mphindi zisanu zotsatizana. Ankangonyamuka, kukasuzumira pa kagalasi ka pachitseko, n'kubwereranso. Dzinali anamupatsa ndi agogo ake aamuna, atelala, chifukwa kuyambira ali wamng'ono mtsikanayu sankalola chinthu kumudutsa osachifunsa. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo agogo akewo ndi amene anali gone kuseri kwa chitsekocho, pa bedi lachitatu, paipi ili m'kamwa.

"Khala pansi, ukundizunguza mutu," anatero amayi ake, maso ali psuu.

Mafunso anakhala, koma maganizo ake sanakhale. Dzulo lake masana agogo anaterereka pa sitepe ya shopu yawo n'kumenyetsa mutu pa mphuthu ya chitseko. Anadzuka okha akuseka, nasasa fumbi pa thalauza.

"Akazi anga, musauze anthu kuti amuna anu agwa ngati mwana wophunzira kuyenda," anamuuza motero Mafunso, poti umo ndi mmene ankaserewulirana ndi mdzukulu wawoyo.

Magazi sanatuluke ngakhale dontho. Panangotupa kachotupa konga dzira la nkhunda pamwamba pa khutu, ndipo agogo anabwerera pa makina awo n'kumaliza yunifolomu ziwiri. Koma m'mawa mwake anasanza, anayamba kuitana mwana wawo, amayi a Mafunso, ndi dzina la malemu akazi awo, kenako anangoti zii osayankhanso. Atafika nawo kuchipatala, adokotala anawajambula m'mutu n'kupeza kuti magazi akukha m'kati mwa chigaza ndipo akupanikiza ubongo.

Adokotalawo anafunsa mafunso ambiri, Mafunso ataima pakhomo la ofesi akumvetsera. Anagwa nthawi yanji? Anakomoka? Ali ndi zaka zingati? Pali mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku?

"Bambo anga? Ngakhale a mutu samwa," anayankha amayi motsimikiza.

Koma Mafunso ankadziwa zina. M'shopu, pa shelefu ya ulusi, panali chitini chakale cha mabatani, ndipo pansi pa mabataniwo panali kabotolo ka mapiritsi a mtima. Agogo anayamba kumwa mapiritsiwo miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Popeza maso awo sankaonanso tizilembo ting'onoting'ono, wowawerengera anali iyeyo. Anamulonjezetsa kuti asadzauze amayi ake.

"Mayi ako akangomva za mtima, shopu ino aitseka, ine andikhazika pakhonde ndizikapirikitsa nkhuku," anatero tsiku limenelo.

Choncho pakhomo la ofesi paja Mafunso anadziuza kuti mtima uli pachifuwa, mutu uli pamwamba, ziwirizi sizikukhudzana.

Cha m'ma leveni chitseko chinatseguka ndipo anamwino awiri anatulutsa mnyamata pa bedi la mateyala. Nkhope yake inali yotupa, yosokedwa m'malo atatu, mutu wonse uli m'mabandeji. Mayi wina amene anakhala kumapeto kwa benchi ananyamuka n'kumugwira dzanja. Anali atawafotokozera kale amayi a Mafunso kuti mwana wakeyo anagwa pa njinga yamoto masiku anayi apitawo.

"Akupita naye ku wodi wamba, akuti zoopsa zadutsa," anatero mayiyo akumwetulira. Mnyamatayo anafunsa ndi mawu osasa ngati njinga ija inapezeka.

Mafunso anawaperekeza ndi maso mpaka anakhota. Zinamuimitsa mutu. Munthu wophwanyika nkhope chonchija akutuluka akulankhula, pamene agogo, a kachotupa kamodzi, akupumira makina. Zimatheka bwanji?

Masana anawalola kulowa, awiri okha, kwa mphindi khumi. Anasamba m'manja n'kuvala timalaya topyapyala pamwamba pa zovala zawo. M'katimo munali mozizira, mukununkha mankhwala, makina akulira ti, ti, ti paliponse. Mabedi anali asanu ndi limodzi, la mnyamata uja atagonekapo kale wina, koma limodzi linali lopanda munthu, atangoliyala kumene. Agogo anaoneka aang'ono pa bedi lawo. Amayi anawagwira phazi n'kuyamba kupemphera chapansipansi, pamene maso a Mafunso anapita pa chipepala chachikulu chimene chinali pa tebulo kumiyendo kwa bedi. Panali mizere ndi manambala, ndipo pa bokosi lina panalembedwa 7/15.

Namwino wamkulu, mayi wamfupi wa imvi za m'mbali, anabwera ndi katochi. Anakweza chikope cha agogo n'kuunika, anachitanso chimodzimodzi diso linalo. Kenako anawaitana mokweza, anawatsina pa chikhadabo, nalemba pa chipepala chija.

"Anesi, pepani," anayamba Mafunso, "seveni pa fifitiniyo, ndiye kuti agogo alephera mayeso?"

"Iwe," amayi anamudzudzula ndi diso.

"Musiyeni afunse, mayi. Ambiri amangoyang'ana makinawa ngati mizukwa," anatero namwinoyo. Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Ndi mayeso ndithu, koma a ubongo. Timaona zinthu zitatu. Kodi munthu akutsegula maso? Akulankhula? Akusuntha manja tikamuuza, kapena tikamutsina? Iweyo panopa uli pa fifitini. Munthu akatsika kufika pa eyiti, timaopa kuti alephera kupuma bwino payekha, n'chifukwa chake timamuika paipi. Nambala ija tinailemba agogo ako atangofika."

"Nanga tochiyo?"

"Kamwana ka diso kamayenera kuchepa kakaona kuwala. Kakangoti tong'o osasintha, ndiye kuti m'katimu mwapanikizika kwambiri. Ka agogo ako ka kumanja kakuchepa, koma mwaulesi."

Mphindi khumi zinatha msanga. Amayi anapita kukaimbira foni achibale, Mafunso anatsala m'khonde. Patapita kanthawi namwino uja anatuluka ndi kapu ya tiyi n'kukaima pawindo. Mtsikanayo anamuyandikira pang'onopang'ono.

"Wabweranso? Watsala ndi mafunso angati?" anafunsa namwinoyo.

"Limodzi lokha. Mnyamata uja anavulala kwambiri kuposa agogo. Bwanji iye akuchira?"

"Anavulala kwambiri kunja. Chilonda cha pankhope chimaopsa maso, koma ife timaopa za m'kati. Uja anafika kuno ola lisanathe, mpweya tinamupatsa msanga, magazi ake sanasiye kuthamanga bwino. Komanso ndi mwana, thupi likadali ndi mphamvu." Anapsontha tiyi. "Waliona bedi lopanda munthu lija? Panali bambo wina amene tamutaya m'mawa uno. Anagwa pa denga, achibale anamusunga kunyumba masiku awiri akuti akupumula. Pofika kuno n'kuti ubongo utakhala nthawi yaitali osalandira mpweya wokwanira."

"Ndiye chimapha anthu ndi kuchedwa?"

"Kuchedwa ndi chimodzi. Nambala ija ikatsika kwambiri, ndi china. Maso akasiya kumva kuwala, magazi akamathamanga mofooka, chifuwa chikagwidwa matenda ali pa makina. Ukalamba nawonso. Munthu akamakula, timitsempha ta m'mutu timakhala ngati ulusi wakale, sitichedwa kuduka."

Mafunso anagwedeza mutu. Za ulusi wakale ankazidziwa bwino.

"Koma agogo ako akutidabwitsa," anapitiriza namwinoyo ngati akudzilankhulira. "Kugwa kwa pa sitepe, magazi ochuluka chonchija? Adokotala akufuna kuwachita opaleshoni, koma akudikira zotsatira za magazi, ndipo makina oyezera lero akuvuta. Pamene tawabaya jakisoni pakuchedwa kuuma. Zikanakhala kuti amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, tikanamvetsa."

"Amenewo amamwa ndi anthu odwala chiyani?"

"Ambiri ndi a mtima. Amawathandiza kwabasi. Koma munthu wotero akamenya mutu, ngakhale pang'ono, magazi sasiya kukha."

Mafunso anakumbukira dzulo madzulo, potseka shopu, iye mwini akuvundukula chitini chija, kuthyola piritsi pakati n'kuwapatsa agogo limodzi ndi theka, ndi madzi m'kapu yapulasitiki. Kachotupa kaja n'kuti kali pomwepo pamwamba pa khutu.

Anayang'ana kumapeto kwa khonde. Amayi ake anali kubwera, foni ili m'manja. Anaganiza za shopu, za nkhuku za pakhonde, za nkhope ya agogo tsiku limene anamulonjezetsa.

"Anesi, amamwa," anatero. Mawu anatuluka aang'ono.

Namwino anaika kapu pawindo. "Amamwa chiyani?"

Mafunso anatchula dzina la mankhwalawo chilembo ndi chilembo, monga linalembedwera pa kabotolo. Ananena kuchuluka kwake, mwezi umene anayamba, ndi nthawi imene anamwa komaliza. Namwinoyo analemba zonse pa dzanja lake ndi cholembera, ndipo asananene china analowa m'chipinda muja mothamanga, tiyi n'kumusiya pomwepo.

Amayi anali atamva zomalizirazo. Anaima ngati mtengo.

"Miyezi eyiti? Iweyo ukudziwa, ine ndikunamiza adokotala pamaso pako?"

"Anandilonjezetsa, amayi. Ndimaona ngati za mtima sizikhudza mutu." Misozi inayamba kutsika. "Dzulonso ndinawapatsa ineyo, atagwa kale."

Amayi anakakhala pa benchi, kutali naye pang'ono, n'kumayang'ana khoma.

Zinthu zinayamba kuyenda mofulumira. Adokotala anatuluka kudzamufunsanso Mafunso yemweyo, kenako anafotokozera amayi kuti awapatsa agogo mankhwala obwezeretsa mphamvu ya magazi youndana, ndipo akatero apita nawo ku opaleshoni. Sanalonjeze chilichonse. Anangoti zaka za agogo ndi maola amene adutsa sizili kumbali yawo, koma tsopano akudziwa chimene akulimbana nacho.

Cha m'ma fayifi namwino uja anatuluka atavala juzi, chikwama chili paphewa, akuweruka. Anaima pamaso pa awiriwo.

"Atuluka ku opaleshoni, magazi aja awachotsa. Tidikire tione mmene adzukire," anatero. Kenako anayang'ana mtsikanayo. "Piritsi la dzulo lisakudye mtima. Mankhwala amenewa amakhala m'thupi masiku angapo, a tsiku limodzi aja sanasinthe zambiri. Chimene chasintha zinthu ndi chimene wanena lero."

Atachoka, amayi anasendera pafupi, natulutsa mpango m'chikwama n'kumupatsa Mafunso kuti apukute kumaso.

"Kabotoloko kali pati?" anafunsa.

"M'chitini cha mabatani."

"Bambo amenewa," anatero amayi, akupukusa mutu.

Masiku otsatira Mafunso ankabwera akaweruka kusukulu, ndipo nthawi iliyonse ankayamba wayang'ana chipepala chija. Tsiku lachitatu agogo anagwidwa malungo a m'chifuwa, amayi anagona pa benchi osadya. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anawachotsa paipi, nambala inafika pa thwelofu. Patatha masabata awiri anawasamutsira ku wodi wamba, mutu uli wometedwa mbali imodzi, dzanja lamanzere likukana kugwira kapu, mawu akutuluka limodzilimodzi.

Loweruka lina Mafunso anali kuwamwetsa madzi, amayi akupinda zovala m'mbali mwa bedi. Agogo anamuyang'anitsitsa mtsikanayo.

"Akazi anga," anatero pang'onopang'ono, "akuti munaulula."

"Ndinaulula, agogo."

"Nditakuletsani."

"Eya."

Agogo anayang'ana dzanja lawo lofookalo. Anayesa kukumanitsa chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala zinakumana movutikira n'kulekananso. Mafunso anadikira kukalipiridwa, koma agogo anatembenuzira mutu kwa mwana wawo.

"Mayi, siya zovalazo," anatero. "Za mtima wazimva. Koma palinso za shuga zimene ngakhale uyu sakuzidziwa, ndi kalata ya adokotala imene ndinaibisa chaka chatha. Ndiyambire pati?"

Amayi anaika malaya aja pansi. Anakoka mpando mpaka unagunda bedi, nakhala.

"Yambirani poyambirira, bambo," anatero. "Ine sindikupita kulikonse."