Chimphepo Chozimitsa Nyenyezi

Anakumana mushopu yosindikiza mapepala, pafupi ndi geti la yunivesite, momwe mtsikanayu ankagwira ganyu podikira zotsatira za mayeso. Mnyamatayo analowa ndi flashi ya pakompyuta m'manja, tsitsi losapesa, kumwetulira kwake kokhululukitsa zonsezo.

"Asisi, mundisindikizire ichi. Mitundu isasokonekere chonde."

Pakompyuta panatuluka zinthu ziwiri zozungulira, china chabuluu, china chofiira.

"Ndi mazira okazinga?" anafunsa mtsikanayo.

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira kauntala. "Ndi milalang'amba! Uliwonse uli ndi nyenyezi zosawerengeka. Ndimaipanga pakompyuta, n'kumaionerera ikukula."

"Nanga wofiirawu unalakwanji?"

"Pakati pake pali chidzenje chakuda. Chikamameza mpweya, malo ochizungulira amawala kuposa nyenyezi zonse, n'kumalavula chimphepo chotentha. Tsono nyenyezi zimabadwa mumpweya wozizira. Mpweyawo ukatentha kapena kuuluzika, kubereka kwatha. Zimatsala nkhalamba zokhazokha, zofiira."

"Ndiye mungochichotsa chidzenjecho."

"Ndikachichotsa, mlalang'amba wanga umanenepa kuposa yeniyeni yakumwambayi. Sichichotseka." Anamuyang'ana osaphethira. "Koma maso anuwo asisi akanakhala m'kompyuta yanga, palibe nyenyezi ikanazima."

Eee! Mtima wa mwana wamkazi unathamanga ngati wakuba! Sabata isanathe anali atasiya kukhala asisi. Mnyamatayo ankamuitana Nthanda, nyenyezi ya m'bandakucha.

"Nthanda wanga, wadya?"

"Nthanda wanga, ndikangomaliza kafukufukuyu, chala chakocho chilemera ndi mphete."

Eni shopu, mayi wa pakamwa posatseka, ankangopukusa mutu. "Iwe, foni yakoyo ikugwira ntchito kuposa makina anga. Ndi wanyenyezi uja? Samala mwanawe, woyenda akuyang'ana kumwamba amaponda anzake."

Nthanda ankangoseka. Akuluakulu adziwa chiyani za chikondi?

Kenako anamuona. Mtsikana wamtali, wamagalasi, akutuluka pageti masana ndi mnyamata wa Nthanda uja, ambulera imodzi, manja ali m'mwamba kukangana. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake Wamagalasiyo anali atavala juzi yotuwa ya mnyamatayo, imene Nthanda anaisokerera batani ndi manja ake!

"Ndani ameneuja?" Nthanda anamufunsa mnyamatayo.

"Mnzanga wa kafukufuku. Iye amati chimphepo chija nthawi zina chimapanikiza mpweya, nyenyezi zatsopano n'kubadwa. Ine ndimati chimazimitsa basi. Timangokangana."

"Kukangana atavala juzi yako?"

"M'chipinda cha makompyuta mumazizira, Nthanda."

Chimene chinkamupweteka kwambiri sichinali juzi ayi. Kunali kukanganako. Nthanda akamva za milalang'amba ankangoti "eti?" n'kumwetulira. Koma Wamagalasi ankatsutsa, kuloza chala, ndipo nkhope ya mnyamatayo inkayaka mwa mtundu umene Nthanda anali asanauonepo. Kodi iye anali wongofunsidwa ngati wadya?

Mauthenga anayamba kugona osayankhidwa. Akayimba, yankho linali limodzi: "Kompyuta ikuthamanga, ndikuyimbira." Kodi kompyuta imavala magalasi? Kodi kompyuta imaseka chapansipansi munthu akamayankha foni?

Tsiku lina anamudikirira pageti n'kumukhuthulira zonse, anthu akuona.

Mnyamatayo sanakalipe. Anangolankhula motsitsa mawu. "Ukudziwa, Nthanda, chidzenje chija ndiwe. Nsanje yakoyi ikutentha chilichonse. Ukapitiriza, pakati pathu sipabadwanso kanthu."

Mawu amenewo anamulasa. Anakalirira m'kachipinda kosungira mapepala, atakhala pakatoni, mpaka eni shopu anagogoda. "Ukanyowetsa katundu wanga, iwe!"

Analemba uthenga: "Pepa wokondedwa. Ndine wopusa. Sindidzafunsanso."

Ndipo sanafunsedi. Akawaona awiriwo ankatembenukira kukhoma, nsanje n'kuimeza ngati mankhwala owawa.

M'mawa wina chitseko chinatseguka. Wamagalasi! Yekha, flashi m'manja, fungo la mafuta odula.

"Mwadzuka bwanji asisi? Ndamva kuti inu ndi amene simusokoneza mitundu. Ndi posita ya kumsonkhano waukulu wa asayansi."

Nthanda anatsegula flashiyo pakompyuta. Milalang'amba ija, wabuluu ndi wofiira. Pamwamba mayina awiri, la mnyamata wake ndi la mtsikanayu.

"Mukonze pang'ono pamwambapo," anatero Wamagalasi, akuseka mwamanyazi. "Dzina langa lachiwiri mufufute, mulembe lofanana ndi la mnzangayo."

"Lofanana?"

"Msonkhanowo udzafika titakwatirana kale. Kwathu kusayansi dzina limene wayamba nalo ndi limene anthu amakudziwa nalo mpaka kale, ndiye bola ndiyambiretu." Anatambasula dzanja pakauntala. Mphete inanyezimira.

Nthanda anaiyang'anitsitsa. Ndiye sanali wamisala! Maso ake sananame! Anapepeseranji? Analiriranji pakatoni paja ngati wolakwa?

Zala zake zinalemba zokha. Dzinalo ankalidziwa bwino, poti ankaliyeserera kuseri kwa mapepala owonongeka, moyandikana ndi lake. Makina anayamba kulira, posita ikutuluka pang'onopang'ono.

Foni inanjenjemera pakauntala.

"Nthanda wanga, mnzanga uja akubwera ndi posita. Ungosindikiza, usacheze naye, ndi wamiseche. Ndimakonda iwe wekha."

Anawerenga kawiri. Misozi inafika m'maso, koma sanailole kugwa. Osati pamaso pa ameneyu! Anayang'ana mphete ija, nayang'ana nkhope yosangalala ya mwini wake, amene sankadziwa kanthu. Kwa nthawi yoyamba sanamude.

Anatembenuza foni n'kuikankhira kutsogolo.

"Asisi, musanalipire, tawerengani ichi. Nambalayo mukuidziwa. Mukatha mundiuze ngati dzinali likhalepo."

Wamagalasi anawerama. Anawerenga, anavula magalasi, anawapukuta ndi bulauzi, anawavalanso. Anawerenganso.

Eni shopu anadzuka mwakachetechete n'kuzimitsa makina, posita ili pakati.